Mabatire Otopa pa Khonde la Atelala

Pa moyo wanga wonse wa malonda, katundu wabwino weniweni ndinagulapo kamodzi kokha, ndipo katunduyo anangotsala pang'ono kundilanda dzina ndi malo omwe.

Zinali zaka zija sopo ndi mchere zinkabisala m'masitolo ngati zapalamula mlandu. Ine ndinali ndi kathebulo pakhonde la telala wina pa Katete, moyang'anana ndi msika. Ntchito yanga inali kugulitsa zinthu zimene eni ake atopa nazo: mawailesi osalankhula, matochi, mawotchi oima, mapampu a njinga. Munthu ankandisiyira chinthu chake, ine n'kuchipukuta, n'kuchitamanda pamaso pa wogula mpaka chokha chichite manyazi, chikagulidwa tigawane. Malonda otere mpamba wake ndi dzina basi. Anthu akangonong'onezana kuti uje amasinthanitsa katundu wa eni, nyamula khasu ukalime thonje.

Mwini khondelo anali bambo wachikulire wa Chisilamu, wobadwira ku Malawi, munthu wosachulutsa mawu. Tonse tinkangoti atelala. Anandilola kukhala pamenepo ndi malamulo awiri okha: ndewu ayi, ndipo Lachisanu, tsiku lawo lopita kumzikiti, pakhale bata.

Pakati pa katundu wanga panali galamafoni yodya mabatire asanu ndi limodzi. Sinkagulika chifukwa chivindikiro chake chinasweka, ndiye inangosanduka yanga. Sipika ndinaichotsa n'kuikhazika pakamwa pa mtsuko kuti mawu azikula. Mabatire atsopano sindinkagula. Ndigulirenji? Ndinkatolera amene anthu atulutsa m'mawailesi ndi m'matochi, kuwayanika padzuwa pamwamba pa malata, kuwagogoda pang'ono ndi mwala, n'kuwabwezera pantchito ngati nkhalamba zomanidwa penshoni. Ndinalinso ndi zimbale ziwiri za rumba zimene palibe ankafuna kugula. Aliyense akamvera ankati zikumveka ngati kwaya ya pamaliro. Ine ndinkanamizira singano.

Ndiye kunabwera alamu anga, alongo ake aakulu a mkazi wanga, kuchokera kumigodi. Anabwera ndi tsitsi lalikulu ngati chisa, buluku lotambalala kumapazi, ndi chimbale chimodzi. Chimbalecho anasinthanitsa ndi majombo kwa mnzawo wa pantchito tsiku lonyamuka. Chikuto chinalibe, ndipo kapepala ka pakati kanamatuka ndi mvula ali palole. Galamafoni analibe, ndiye anabwera nacho kwa ine.

"Alamu, sungani ichi," anatero. "Mtengo wake ukuposa zonse zili pathebulo panupa, kuphatikizapo inuyo."

Tsiku loyamba kuchiliza, nkhuku za pamsika zinabalalika. Magitala ankabangula ngati chigayo chomeza mwala. Ng'oma inkagunda pang'onopang'ono ngati munthu wa malungo akusinja. Woimbayo anali ndi liwu la ng'ombe yamphongo yogwera m'chitsime. Ine ndinathamangira kuzimitsa poganiza kuti makina afa, koma alamu anandigwira mkono. Maso anali atatsinzina.

"Musakhudze. Iyi ndiye hevi."

Anandifotokozera kuti kumigodi kuli nyimbo za roko, za magitala a magetsi, ndipo pamwamba pa roko yonse pali hevi, imene amaimva ndi amuna okhaokha oti anatsikapo pansi pa nthaka. Ndinavomera. Mlamu wopatsa mkazi sutsutsana naye pa nkhani ya magitala.

Mavuto anayamba pamene mphunzitsi wina wa ku Sinda anamva phokosolo akudutsa. Anali munthu wochepa thupi, wa magalasi, woti anaphunzira kutauni ndipo roko ankaitsatira pawailesi. Anaima, anamvera, anapukusa mutu, n'kufunsa ngati pali amene wamwalira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakwera basi kudzangokangana ndi alamu. Zaka ziwiri zathunthu. Ine ndi amene ndinkapereka khonde, makina ndi makutu.

"Aphunzitsi," alamu ankayamba, "inu nyimbo mumaimva ndi makutu, n'chifukwa chake simudziwa kanthu. Hevi amaimva ndi chiwindi. Ikani dzanja pamtsukopo. Mwamva kunjenjemerako? Nyimbo ndi imeneyo."

"Chigayonso chimanjenjemera, akulu, koma sindinaone munthu akuombera m'manja kuchigayo."

"Chifukwa simunakhalepo ndi njala."

"Woimba gitala weniweni zala zake zimathamanga mpaka osaziona. Awa anuwa akukanda waya umodzi kuyambira m'mawa, ngati akudikira basi ya ku Chadiza."

"Kuthamanga n'kwa mbava! Mwamuna amaponda pamodzi, pansi n'kumva."

"Ndiye kaguleni ngolo yotitimira m'matope muziimvera, mutisiyire mabatire."

Amuna a pamsika anagawikana. Okonza njinga anali kwa alamu, amakalaliki ndi ogulitsa mabuku a sukulu anali kwa aphunzitsi. Anthu oti moyo wawo wonse sanagwirepo gitala ankatukumula mitsempha ya pakhosi pofotokoza mmene waya ayenera kulirira. Wogula akabwera kudzaona tochi, ndinkamuuza mtengo mokuwa, iye n'kumva theka, ine n'kubwereza, iye n'kuchoka atatseka makutu. Ndipo mkangano ukafika povuta onse ankatembenukira kwa ine.

"Nanga eni makina akuti bwanji?"

Eni makina ankafuna kuti onse apite kwawo. Koma wamalonda sathamangitsa munthu, ndiye kwa alamu ndinkati kulemera n'kofunika, kwa aphunzitsi ndinkati liwironso lili ndi malo ake. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinavumbwa Loweruka lililonse, ngakhale m'chilimwe.

Kunali bambo wina wa ku Vubwi amene ankabwera panjinga ndi katundu wa ku Malawi, kudzera njira zimene ankazidziwa iye yekha ndi njinga yake. Tsiku lina pakati pa sabata anatulutsa m'thumba mabatire asanu ndi limodzi, atsopano, akadali m'pepala lake. Iye ankasirira wotchi yanga ya pamkono. Tinanenerera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Ndinamuuza kuti mabatire a ku Malawi amakomoka akangowoloka malire. Iye anandiuza kuti wotchi yanga imayenda pokhapokha mwini wake akuyenda. Pomaliza ndinavula wotchi, iye n'kuwonjezapo kachidutswa ka sopo, tonse tikudziona ochenjera.

Cholinga changa chinali chabwino. Ndinkati galamafoni ikalira mwamphamvu mwina wina aigula, mkanganowo usamukire kukhonde la munthu wina. Mabatire akale aja sindinataye, ine sinditaya kanthu. Ndinawagulitsa tsiku lomwelo kwa mayi wina wa zitumbuwa amene ankaswa mabatire n'kutenga zakuda za m'kati kuzirira pansi m'nyumba mwake. Atsopanowo sindinawayese n'komwe. Ndinkaumira, kuti angathe.

Loweruka anthu atasonkhana, ndinaimirira ngati wolengeza za chipani.

"Lero, abale anga, mumva hevi imene simunaimvepo."

Pamenepo sindinaname. Nditatsitsa singano, m'mtsuko munatuluka chinthu chachilendo. Ng'oma inkathamanga ngati matalala padenga la malata. Magitala ankalira mokwera, mawu ake akuthwa, kuthamangitsana ngati agalu aona gwape. Ndipo ng'ombe yamphongo ija kunalibe. M'malo mwake munali munthu wa liwu lokwera, akukuwa ngati mbuzi yopanikizika pampanda.

Alamu anatsegula maso.

"Ichi n'chiyani?"

"Chimbale chanu, alamu."

"Changa chiti?"

Anachichotsa, anachitembenuza uku ndi uku. Chinali chakuda mbali zonse, chopanda dzina, ngati zimbale zonse za padziko zikavulidwa mapepala. Anachibwezera, mbuzi ija inayambiranso. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako munthu amene chikwatirire mlongo wake sanasiyepo kunditchula inu anati:

"Iwe. Chimbale changa wachipititsa kuti?"

Mbuziyo inkakuwabe. Ndinayang'ana kwa aphunzitsi kuti munthu wophunzira andithandize. Ndinawapeza ataimirira, magalasi ali m'manja, phazi likugunda pansi.

"Iyi ndiye nyimbo!" anakuwa. "Mwamva zala zimenezo? Bwana, ichi mwachitenga kuti? Mundigulitse lero lomwe, tchulani mtengo."

"Mwamva nonse?" alamu anatembenukira kugulu. "Anapangana! Changa wagulitsa, wabweretsa cha akazi ichi kuti asangalatse mphunzitsi wake!"

Ndinalumbira pa amayi anga, pa ana anga, pa mtanda wa kutchalitchi. Koma munthu amene dzulo lake analumbira kuti pampu yobooka ndi yatsopano, malumbiro ake amakhala otsika mtengo. Ineyo mutu unali utaima. Chimbale chinali chomwecho, ndinkadziwa, koma makutu anga omwe ankandikana.

Amene analankhula ndi atelala. Zaka ziwiri anapirira phokosolo osanena kanthu. Anaimitsa makina awo osokera, n'kuvula magalasi.

"Mwanawe, ine makina awa ndikawapalasa ndi mwendo wa njala amasoka pang'onopang'ono. Ndikadya amathamanga. Nsalu imakhala yomweyo."

Anadzuka, anabwera, n'kugunditsa chala m'mphepete mwa chimbale chikuzungulira. Mbuzi ija inatsika, inatsika, mpaka ng'ombe yamphongo inabangula m'mtsuko. Atachotsa chala, mbuzi inabwerera. Ndinangogwira pakamwa. Zaka ziwiri zonsezo amuna a pa Katete ankakangana za kuumira kwanga: mabatire otopa aja ankazungulitsa chimbale pang'onopang'ono. Zimbale za rumba zija zinalibenso mlandu, ngakhale singano.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Sindinkawadziwa bwino anthu okonda nyimbo.

"Ndi chala," alamu anatero, "ngakhale nyimbo ya ana a sukulu ingasanduke hevi. Musandipusitse."

"Pamenepo ndikugwirizana nawo akuluwa," aphunzitsi anayankha, koyamba m'zaka ziwiri. "Si chimbale chimodzi ayi. Chija chinali chinyalala. Ichi ndi nyimbo. Makutu ine ndili nawo."

Ndinawayang'ana onse awiri ndipo ndinamvetsa pamene ndagwera. Chikakhala chimbale chomwecho, ndiye kuti aphunzitsi akhala akunyoza zaka ziwiri oimba amene lero akuwavulira magalasi. Ndiye kutinso alamu akhala akugwedezera mutu mabatire a m'matochi a eni. Kwa onse awiri kunali kopepuka kuti ine ndikhale wakuba.

Ndinathamangira kwa mayi wa zitumbuwa uja. Ndinapeza pansi m'nyumba mwake pakuwala, pakuda bii, pokongola zedi. Umboni wanga wonse anali atauzira kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda.

Pobwerera ndinati ndikatolere mabatire ena otopa, pa Katete sankasowa. Alamu anakana.

"Ukatsegulanso makinawo uchita matsenga ako ena. Ngati ukunena zoona, omwewa atope ine ndikuona. Chimbale changa chikatuluka m'menemo, chabwino. Chikapanda kutuluka, tikakambirana kwa amalume, ndipo msika wonse udziwa."

Atelala anatenga ulusi wofiira, anamanga kachitseko ka mabatire n'kupanga mfundo yawoyawo ya atelala. Kenako anandiyang'ana.

"Ine ndakuthandiza. Koma Lachisanu likandipeza ndi phokoso ili, thebulo lako lisamuke."

Lolemba m'mawa tinayamba. Ndinakweza mawu mpaka pothera kuti mabatire adyeke msanga. Mbali imodzi ikatha ndinkatembenuza, ikatha ndinkatembenuzanso, kuyambira potsegula mpaka potseka. Alamu anakhala pabokosi, manja atapinda, nkhope ngati munthu wokakamizidwa kumwa mankhwala a malungo. Madzulo ankakulunga chimbalecho m'chitenje n'kupita nacho, atelala n'kutsekera galamafoni m'sitolo mwawo.

Msika unadziwa usanauzidwe. Lolemba lomwelo bambo wina anabwera kudzatenga wailesi yake, akuti mkazi wake wasintha maganizo. Lachiwiri kunabwera awiri, wina wa tochi, wina wa nyale. Sananditukwane. Ankangoyang'anitsitsa katundu wawo, kumutembenuza, kuona ngati ndi yemwe uja. Kuyang'ana kumeneko kunkapweteka kuposa kutukwana. Kunyumba mkazi wanga sanalowerere. Anangoti alongo ake sanama, inenso sindiba, koma nzeru tonse awiri tinaziiwala pamalo amodzi.

Mabatirewo osatopa. Ine amene ndinkatha kuukitsa batire lakufa ndi dzuwa ndi mwala, tsopano ndinkapempherera amoyo kuti afe. Lachitatu m'mawa ndinatchera khutu pamtsuko ngati sing'anga pachifuwa cha wodwala, kufuna kumva kakutopa ngakhale pang'ono. Mbuzi inali ndi moyo wonse. Amayi ogulitsa tomato anayamba kuitsanzira. Atelala mwendo wawo unkatsatira ng'oma osafuna, mwakuti anamaliza mulu wa mayunifolomu a sukulu nthawi isanakwane, koma sanathokoze aliyense. Masana ake bambo wa ku Vubwi uja anadutsa panjinga, wotchi yanga ili pamkono. Anamva phokosolo, anaima, anamwetulira.

"Achimwene, ndinakuuzani! Ngolimba amenewo. Angakufikitseni mwezi wamawa."

Ndikanatsegula pakamwa, lamulo loyamba la atelala likanasweka.

Lachinayi ndinafika nditayamba kale kuyang'ana makonde ena a m'mbali mwa msewu, kuona kumene thebulo lingakwane. Koma ndinkadziwa kuti thebulo lopanda katundu wa eni ndi nkhuni chabe. Dzuwa linafika pamutu, mbuzi ikukuwabe. Linayamba kupendeka. Aphunzitsi anatsika palole ya thonje, atasiya ana ndi ntchito yolemba, kudzaona mapeto. Gulu linadzaza khonde mpaka mumsewu. Atelala ankayang'ana mthunzi wa nsanamira, kenako ine, kenako mthunzi.

Sindine ndinayamba kumva. Ndinangoona mutu wa alamu. Manja anali chipindire, nkhope chikwinyire, koma mutu unayamba kugwedezeka wokha, pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa. Ndinatchera khutu. Ng'oma inali itayamba kukoka mwendo. Liwu lija linali litanenepa. Ndinatembenuza chimbale, ndipo mbali imeneyo mbuzi inasanduka thole. Nditatembenuzanso, mtsuko unanjenjemera mpaka kufika m'mano, ndipo ng'ombe yamphongo inabangula kuchokera pansi pa chitsime chake, yomwe ija, ndi malungo ake onse.

Okonza njinga anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Atelala anadzuka ndi sizasi, anaonetsa gulu kuti mfundo yawo ili momwemo, n'kudula ulusi.

Aphunzitsi anavala magalasi.

"Mwaipha," anatero. "Nyimbo yabwinobwino yafera m'manja mwanu tonse tikuona."

"Ndiye mwavomera kuti ndi chimodzi?" ndinafunsa.

"Ine ndikuti mpaka Lachitatu anali oimba abwino."

Alamu anali ataika dzanja pamtsuko, maso ali tsinzi. Ndinadikira mpaka mbaliyo inatha. Ndinkafuna mawu amodzi okha, ndipo ndinkawafuna anthu onse akumva.

"Alamu, chimbalechi n'chayani?"

Anatsokomola. Anayang'ana kudenga.

"N'changa. N'chomwe chija." Kenako anakweza mawu. "Koma mumve bwino nonse. Anyamatawa kuimba amatha, kungoti pojambula anapupuluma. Galamafoni ya alamu angawa ndiyo inawakonzera. Inu alamu, makina muli nawo abwino."

Kupepesa kwawo kunali kumeneko: ndinabwerera pa inu. Sindinanenerere. Wamalonda amadziwa pamene mtengo wafika pothera.

Ponyamuka anasiya chimbale pathebulo langa, pamalo ake akale. Kenako anatsegula kachitseko kaja, anatulutsa mabatire onse asanu ndi limodzi, anawakulunga bwinobwino m'kampango n'kuwaika m'thumba la pachifuwa.

"Chimbale sungani," anatero. "Awa ayi. Inu simudalirika, mungagulenso atsopano."

Lachisanu pakhonde panali bata loti unkamva lumo la atelala likudya nsalu. Bambo wa wailesi uja anaibweza, akuti mkazi wake wasinthanso maganizo. Wa nyale anabweranso. Wa tochi sanabwere, ndipo mpaka lero ndimamukumbukira.

Loweruka alamu anafika ndi kampango kawo. Posakhalitsa basi ya ku Sinda inaima, aphunzitsi n'kutsika thumba la jekete litatupa. Anakhuthula pathebulo langa mabatire asanu ndi limodzi, atsopano, a bambo wa ku Vubwi yemwe uja. Alamu anayala awo otopa pambali pake. Okonza njinga anaima uku, amakalaliki uko, ndipo onse anatembenukira kwa ine.

"Nanga eni makina akuti bwanji?"

Ndinanyamula mkono wa galamafoni, ndinauyang'ana kunsi kwake, n'kuwaonetsa. Masiku anayi olira osapuma anali ataidya mpaka kuphwa.

"Singano yatha," ndinatero.

Aka kanali koyamba kuinenera zoona singano imeneyo, ndipo ina sindinafulumire kuifuna.